Pakoleji Chichewa chimavina, Chingerezi chimaganiza. Mpaka liti?

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndipo ndikuuziranitu: ndabwera ndi mkwiyo. Amene mwazolowera tinkhani tanga tachikondi mundikhululukire, lero kulibe maluwa.

Mwezi watha mwana wa achemwali anga, yemwe ali chaka chachitatu pakoleji ina, adandiyitana kuti ndikaone zochitika pasukulu pawo. Dzina la kolejiyo sinditchula, poti zomwe ndidaona si matenda a sukulu imodzi. Pulogalamu inali ya tsiku lonse: m'mawa nkhani ya akatswiri m'holo, masana "tsiku la chikhalidwe" pabwalo la mpira.

M'mawamo mphunzitsi wina, munthu wodziwa zinthu zake ndithu, adafotokoza kafukufuku wake wa namondwe wa Freddy, uja adatisiya manja ali m'khosi mu Marichi 2023. Adafotokoza momwe nthaka ya m'phiri imamwera madzi mpaka kulephera kudzigwira, momwe matope amatsikira ndi miyala yomwe mitengo ikatha, komanso malo amene ngozi yotere ingadzagwenso. Nkhani ya moyo ndi imfa. Koma yonse m'Chingerezi, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka mafunso. M'holo yokwana anthu mazana tidalimo osafika 40, ndipo ena anali ophunzira amene adangobwera poti adamva kuti kukhala kulemba maina.

Pakhomo padayima amayi ena osesa pakolejipo, tsache lili m'manja. Adayang'ana kwa kanthawi zithunzi zomwe zinkaonetsedwa pakhoma, kenako n'kuchoka. Potuluka ndidawapeza pakhonde, ndipo titalonjerana adandifunsa: "Achimwene, zija amaonetsa zija n'kwathutu. Koma amati chiyani abwanawo? Amati zibweranso?"

Taimani kaye pamenepo. Munthu amene nkhaniyo inkamukhudza kuposa tonse tidali m'holomo ndiye amene sadatolepo kanthu.

Masana bwalo lidadzaza, osati masewera. Magulu ovina adawatenga pa lole kumidzi yozungulira. Adafika 10 koloko, n'kukhala padzuwa kudikira mlendo wolemekezeka amene adatulukira itadutsa 2 koloko. Zolankhula zidatenga ola ndi theka, m'Chingerezi momwemo, aliyense kuyamba ndi kutchula maudindo a onse okhala pamthunzi. Kenako woyendetsa mwambo adatembenuza lilime, nati m'Chichewa, "Tsopano tisangalale pang'ono ndi magule athu." Gulu lililonse mphindi zisanu. Agogo ena otsogolera nyimbo ya tchopa anali atangoyamba kumene kutenthetsa mawu pamene adawalanda chimkuzamawu, akuti bwana ali ndi msonkhano wina. Adawapatsa fanta ndi banzi n'kuwakweza lole. Palibe adawafunsa kuti nyimboyo imanena chiyani, adayiphunzira kwa yani, imayimbidwa nyengo yanji. Ophunzira adajambulana atavala zitenje, nthenga ndi mikanda, zithunzi n'kupita pa Facebook, basi chikhalidwe chatha mpaka chaka chamawa.

Ndiye mlandu wanga ndi uwu. M'makoleji mwathu tagawa ntchito: kuganiza tapereka kwa Chingerezi, kuvina tasiyira Chichewa ndi zilankhulo zinzake. Zamaphunziro zimachitikira m'holo, m'chilankhulo chimene anthu ambiri a dziko lino sachimva bwino. Zachikhalidwe zimachitikira pafumbi, ngati zopumitsira alendo pakati pa zolankhula. Mwana amene waona zimenezi zaka zinayi safunika kumuuza. Amatuluka atamvetsa yekha kuti nzeru zimavala tayi, ndipo chilankhulo cha mayi ake n'cha nthawi yopuma. Mwana ameneyo ndiye mawa akhala dokotala, woweruza milandu, bwanamkubwa, mlangizi wa zaulimi. Ndiye tizidabwa akamalephera kufotokozera wodwala matenda ake?

Wina anena kuti zakhala choncho kuyambira kale. Ayi, amwene, mbiri yathu ikukana.

Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, ophunzira oyamba n'kulowa mu 1965 ku Chichiri, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi angapo adayambitsa Writers' Group. Ankakumana sabata ndi sabata. Mlembi ankabweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, anzake n'kuisenda pamaso pake, mzere ndi mzere, osaona nkhope kuti uyu ndi mphunzitsi, uyu wa chaka choyamba. M'gulu limeneli mudadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Felix Mnthali, Steve Chimombo, Anthony Nazombe ndi ena. Mu 1971 adatulutsa kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau. Kodi mkumano wotere mungautche wamaphunziro kapena wachikhalidwe? Unali zonse ziwiri, m'chipinda chimodzi, nthawi imodzi.

Ndisakunamizeni: ambiri a iwo ankalemba m'Chingerezi. Koma taonani kumene ankatunga madzi. Chimombo adatenga Napolo ndi M'bona, ndipo sewero lake la The Rainmaker lidachokera m'mbiri ya M'bona. Dzenje la Chingwe la paphiri la Zomba lidalowa m'ndakatulo za Mapanje. Magazini ya Odi inkatuluka ndi zolemba za m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Nthano, miyambi ndi zining'a sizinali zokongoletsera, zinali zida zoganizira ndi zozembera maso a bungwe lounika zolembedwa lomwe lidabwera ndi lamulo la 1968. Ndipo boma lidadziwa kuti m'chipindamo mukuphikidwa zinthu. Chipasula adathawira kunja. Mnthali adalawa ndende. Mapanje adamangidwa mu Seputembala 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka mu 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ndikufunseni: ndi "tsiku la chikhalidwe" liti la masiku ano lomwe lingasowetse tulo munthu waudindo? Lero waudindoyo timachita kumupatsa mpando wa khushoni kutsogolo, tikumuvinira.

Nanga Travelling Theatre? Idayamba ndi masewero a m'Chingerezi, koma cha m'ma 1981, pamene Chris Kamlongera ndi David Kerr ankaitsogolera, idatembenukira ku zilankhulo zathu n'kutuluka pampanda wa koleji. Adafika mpaka ku Mbalachanda ku Mzimba. Ophunzira ankakhala ndi anthu a m'mudzi, kumva mavuto awo, kupanga sewero kuchokera m'mavutowo, ndipo oonera ankalowererapo, kutsutsa, kukonza. Koleji inkapita kumudzi kukaphunzira ndi kukaphunzitsa. Lero mudzi timaukweza lole kuti udzativinire mphindi zisanu.

Kumbukiraninso 1992. Pa 8 Marichi kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, ndipo patangopita masiku ochepa ophunzira a ku Chancellor College adayenda mumsewu kuikira kumbuyo kalatayo. Mphamvu ya kalata ija idagona pati? Zomwe idanena ophunzira ambiri ankazidziwa kale, ankanong'onezana m'mahostelo. Chachilendo chinali choti zidanenedwa poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, agogo ndi mdzukulu kumvera limodzi pabenchi imodzi. Ikadakhala pepala la pamsonkhano wa akatswiri, bwenzi itafera mu shelefu.

Mu 2011, Blessings Chinsinga atayitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi, aphunzitsi adasiya choko ndipo nkhondo ya ufulu wophunzitsa mopanda mantha idatenga miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Inali nkhondo yoyenera, ndipo ndimawavulira chipewa. Koma ufulu wolankhula tidaumenyera. Nanga ufulu wakumva wa amayi osesa aja adzaumenyera ndani?

Ndikudziwa zomwe ena mukukonzekera kundiyankha. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Choyamba mukuti Chichewa chilibe mawu a sayansi. Eti? Nanga alangizi a zaumoyo amalankhula chiyani kusikelo? Edzi itabwera, ndani adatipatsa mawu oti kachilombo, chitetezo cha m'thupi, mankhwala otalikitsa moyo? Si pulofesa, ndi kufunika kwa nkhaniyo. Mawu sagwa kumwamba, amasulidwa ngati khasu, ndipo amasulidwa pamene pali munda wofuna kulima. Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922, ndi makalata onse a Paulo, omwe si nkhani zopepuka. Centre for Language Studies, yomwe idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, idatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu athu m'chilankhulo chathu chomwe. Benedicto Wokomaatani Malunga adamasulira Things Fall Apart n'kukhala Chipasupasu. Anansi athu ku Dar es Salaam amaphunzitsa Kiswahili m'Kiswahili mpaka digiri yapamwamba. Ndiye musandiuze kuti chilankhulo chalephera. Walephera ndi mphunzitsi amene sadayesepo. Ndipo ndinene mosabisa: ena timabisala m'Chingerezi chifukwa tikati tifotokoze m'Chichewa zionekeratu kuti nafenso nkhaniyo sitikuimvetsa.

Chachiwiri mukuti ndikufuna kukakamiza Chichewa pa mitundu ina. Apa ndiye ndiyankhe mofatsa, chifukwa chilondachi n'chenicheni. Mu 1968 Chichewa chidakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pawailesi, ndipo chidabwerera mu 1994. Amene zidawapweteka ali ndi chifukwa chokhalira tcheru. N'chifukwa chake sindikunena Chichewa chokha. Ku Mzuzu nkhani ikambidwe m'Chitumbuka kapena m'Chitonga, ku Mangochi m'Chiyao, kuchigwa cha Shire m'Chisena, ku Karonga m'Kyangonde. Koma tisanamizane kuti Chingerezi n'chosakondera. Chimakondera ndithu, kungoti sichikondera mtundu, chimakondera amene makolo awo adakwanitsa fizi. Mlimi wa ku Rumphi ndi mlimi wa ku Dedza chimawatsekera kunja mofanana. Ngati kumeneko ndiye kugwirizanitsa dziko, ndiye kuti tagwirizana pakhonde.

Chachitatu mukuti ana afunika Chingerezi kuti apeze ntchito. Zoona, ndipo palibe akuti chichotsedwe. Lamulo la maphunziro la 2013 lidachipatsa kale udindo wophunzitsira kuyambira sitandade 1. Mayeso ndi ake, mabuku ndi ake, makalata ofunsira ntchito ndi ake. Ine ndikupempha madzulo amodzi pamwezi. Ngati Chingerezi cha mwana wanu chingafe chifukwa wamvera nkhani imodzi ya zachuma m'Chichewa, ndiye kuti chinali chodwala kale.

Chachinayi mukuti ndalama palibe. Ha! Ndalama ya matenti, ya malaya olembedwa mutu wa mwambo, ya mafuta a galimoto ya mlendo wolemekezeka, ya maalawansi a komiti, imeneyo imapezeka. Writers' Group inkafuna chipinda, mapepala ndi anthu olimba mtima. Chomwe chikusowa si kwacha.

Chachisanu mukuti ana a masiku ano safuna zoganiza, amangofuna zoimbaimba ndi mowa wa kumapeto a sabata. Bodza limenelo, ndipo n'lachikale ngati phiri la Mulanje. Ana omwewa amadzaza holo kukamvera alakatuli, amachezera kutsutsana za ndale pa WhatsApp, amaloweza nyimbo za mavesi ataliatali. Munthu sathawa nzeru, amathawa mwambo wopanda mchere. Nkhani ya akatswiri imene wolankhula akungowerenga zolemba pakhoma, mafunso atatu okha, wofunsa woyamba n'kukhala mkulu wa dipatimenti, ndani angasiye nsima chifukwa cha zimenezo? Ikani mtsutso wa mtengo wa feteleza kapena wa ngongole za ophunzira, m'chilankhulo chimene munthu amakwiyira, muone ngati mipando ikwane.

Tsopano za magule. Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti timavinitsa laibulale osaitsekula. Gule Wamkulu ndi Vimbuza UNESCO idazilemekeza mu 2005, Tchopa mu 2014, ndipo timakonda kutchula zimenezi m'zolankhula. Koma Vimbuza si chisangalalo, ndi chipatala: ng'oma, nyimbo ndi gulu zimagwirira limodzi ntchito yochiza munthu wosautsidwa mumtima ndi m'maganizo. Boston Soko adathera zaka zambiri akufufuza zimenezi. Ndiye bwanji wovina Vimbuza sakhala pagome limodzi ndi ophunzira za matenda a maganizo, kuti afunsane, atsutsane? Gule Wamkulu ali ndi zilombo zodzudzula ulesi, chiwerewere, dyera ndi kudzikuza, ndipo Simoni wofiira nkhope uja ndi ndemanga yathunthu pa mzungu. Za kudambwe zisiyeni kudambwe, sindikuti tiulule zinsinsi. Koma zimene zimanenedwa pabwalo n'zokwana kale kudzaza maphunziro a chaka chonse, ndipo ku Mua bambo Claude Boucher adaonetsa kuti munthu angathere moyo wake wonse akuziphunzira. Beni ndi Malipenga zimanyamula mbiri ya asilikali a nthawi ya atsamunda, perete wawo, mayunifomu awo, ndi momwe anthu athu adatengera zonsezo n'kuzisandutsa zawo. Phunziro la mbiri lathunthu likuvina pamaso panu, inu mukuyang'ana wotchi.

Ngakhale nkhani ya namondwe ija ili ndi mbali yake m'nzeru za makolo. Anthu a ku Zomba amakumbukira Napolo wa mu Disembala 1946, a ku Phalombe wa mu Marichi 1991. Akuluakulu a m'mphepete mwa mapiri amadziwa makwawa amene Napolo adadutsa, ndipo amati madzi saiwala khwawa. Katswiri ali ndi mapu ndi miyeso, agogo ali ndi chikumbumtima cha malo. Kuwakhazika pamodzi si kuchitira agogo chifundo. Ndi kafukufuku wabwino chabe.

Ndiye ndikupempha zinthu zinayi, ndipo palibe chofuna thandizo la kunja.

1. Koleji iliyonse ikhale ndi nkhani ya akatswiri kamodzi pamwezi m'chilankhulo cha dera lomwe ili, zipata zili zotsekula, ogulitsa mandasi, akabaza, alonda ndi osesa ataitanidwa mwaulemu ngati momwe timaitanira nduna.

2. Amene wachita kafukufuku m'mudzi abwerere m'mudzimo kukanena zomwe adapeza asanalandire digiri. Anthu atopa kuyankha mafunso a ophunzira osamvanso kuti mayankho awo adathera kuti.

3. Gulu lovina likaitanidwa, lipatsidwe nthawi yovina gule mpaka pomwe amathera, mpando wofotokozera, ndi malipiro ofanana ndi a mlendo wina aliyense wodzaphunzitsa. Fanta ndi banzi n'chipongwe.

4. Mlendo wolemekezeka akachedwa, mwambo uyambe. Adzapeza zili mkati ngati wina aliyense.

Koma ndisamangoloza chala kumakoleji. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene tikumva m'mimba ndife a m'gulu lino. Muno muli aphunzitsi a m'makoleji, muli ophunzira, muli a m'makomiti okonza miyambo imeneyi, muli amene mudadutsa ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuni, ku Poly, ku Domasi. Tikamakumana kukambirana za Ngũgĩ wa Thiong'o ndi buku lake la Decolonising the Mind la 1986, timakambirana m'chilankhulo chanji? Mnzathu akaponya ndakatulo ya Chichewa muno, timamuyankha ndi mawu awiri a Chingerezi ndi kachithunzi ka moto. Kusenda ndakatulo mzere ndi mzere, m'Chichewa, kunena kuti apa fanizo lagwa, apa mawu achuluka, ndi angati timatero? Ndi angati tidawerengapo Nthondo ya Samuel Nthara, ya mu 1933, kapena mabuku a John Gwengwe, E.J. Chadza, Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba ngati zolemba zofunika kuzisanthula, osati zongokhozera mayeso? Nafenso Chichewa timachivinitsa, poganiza timathawira kwina. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ife mayi wathu timamutulutsa tsiku la zithunzi lokha.

Inu muli pakoleji, simufunika chilolezo cha nduna kuti mupemphe chipinda Lachinayi madzulo. Yambani anthu asanu. Itanani mphunzitsi wa zachuma adzafotokoze m'Chichewa chifukwa chimene kwacha ikagwa sopo amakwera. Akakana, itanani wina. Sabata yotsatira itanani woimba ng'oma adzafotokoze momwe amaikira phula pachikopa kuti mawu atsike, ophunzira sayansi amufunse mafunso. Inu mudamaliza kale, bwererani, osati kukalankhula pamthunzi, koma kukakhala pabenchi.

Amayi aja ndidawayankha momwe ndidathera, pakhonde pomwepo. Ndidawauza za nthaka yomwa madzi, za mitengo, za malo otsetsereka amene katswiri adati ngoopsa. Sizidatenge mphindi khumi, ndipo adamva zonse. Kenako adandifunsa funso lomwe m'holo monse muja palibe adaliganiza: "Nanga akuti tichokepo, tipite kuti, poti munda ndi womwewo, manda a makolo ali pomwepo?"

Ndidalibe yankho. Katswiri uja mwina akadakhala nalo, kapena akadapita kunyumba ndi mutu wa kafukufuku wake wotsatira. Koma anali atalowa kale m'galimoto, ndipo amayiwo adatola tsache lawo kukasesa m'holo.

Amene mukuona kuti ndalakwa, bwerani tikambirane. Koma chonde, lero lokha, munditsutse m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilhomwe, m'Chisena kapena m'chilankhulo chilichonse cha kwanu. Tione ngati sizitheka.